Njerwa pa Kangolo

Mdzukulu wanga anasiya kulowa m'kalasi ya fizikisi patatha miyezi isanu chiikireni bambo ake m'manda. Ine sindinkadziwa kanthu. Mayi ake amagwira ntchito kutali, ndiye mwanayu amakhala ndi ine. M'mawa ankavala yunifolomu yake bwinobwino, kunyamula chikwama, kutsanzika, madzulo n'kubwera ngati mwana aliyense. Ndinadzadziwira pa kakalata kamene anandipatsa Lachitatu lina, katafewa ngati kansanza chifukwa chogona masiku m'thumba. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo zolemba pamanja za aphunzitsi sitimvana, ndiye ndinati awerenge yekha. Anawerenga. Kholo libwere Lachisanu. Mwana wajomba fizikisi kasanu ndi kamodzi. Mayeso ali pafupi.

"Kodi mayi, zayamba liti zimenezi?" Ndimamutchula mayi chifukwa anatenga mphuno ya malemu mayi anga, ndi liuma lomwe.

"Palibe, agogo."

"Palibe amayenda ndi kalata?"

Anayang'ana pansi, akukanda pakona pa tebulo ndi chikhadabo. Kenako anati aphunzitsi atsopano anabwera ndi tingolo tamatabwa m'kalasi n'kumatigunditsa. Pa kangolo kena anaimika choko kutsogolo ngati dalaivala, kumbuyo n'kuikako njerwa. Kangolo katagunda, choko chinathyoka pawiri, mnyamata wina n'kukuwa kuti, "Dalaivala wapita!" Kalasi yonse inafa n'kuseka. Iye anatuluka, osabwereranso.

Mtima unandiwira. Bambo ake a mwanayu, mwana wanga wachisamba, anafera pa chiwongolero.

Ife kwathu ndi anthu a malole. Ine ndinayamba ndi kupakira ndi kutsitsa katundu, kenako ndinaphunzira kuyendetsa, ndipo ndinakhala pa chiwongolero zaka makumi atatu mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Malo athu ndi kuseri kwa mashopu a zitsulo, pamene malole a hayala amaima mondondozana kudikira wofuna kunyamulitsa katundu. Pamenepo aliyense amanditchula Madala. Ana anga aamuna awiri, wachisamba ndi mzime, onse ndinawaphunzitsa ndekha, kuyambira kusintha tayala mpaka kubwerera m'mbuyo pageti lopapatiza osakanda khoma.

Ndinawaphunzitsanso kumanga katundu. Malata timamanga, matiresi timamanga, mipando, mapaipi apulasitiki, chilichonse chimene mphepo ingachinyamule. Koma injini, migolo yodzaza, zitsulo zoti anthu asanu ndi atatu achite kubuula pokweza, zimenezo ayi. Timati cholemera chimadzimanga chokha. Mawuwa ndinawamva kwa amene anandiphunzitsa ine, ndipo ndinawanena kwa ana anga kosawerengeka, kuntchito ndi kunyumba komwe. Dalaivala wachilendo akayamba kuponya zingwe pa injini tinkamuseka kuti, "Taonani uyu, akumanga phiri kuopa kuti lithawa."

Tsiku limenelo wachisamba wanga ananyamula injini ya chigayo. Ulendo wake unali waufupi, kungodutsa tawuni basi, dzuwa lili paliwombo. Pamphambano ina lole ya mchenga inatulukira n'kuzimira pakati pa msewu. Iye sankathamanga, amene anaona ananena. Anaponda buleki koma anaigundabe. Atandiimbira foni ndinafika lole asanaichotse pamsewu, ndipo ndinaona ndi maso angawa. Kutsogolo kunali nyali imodzi yosweka ndi bampala yopindika, basi. Koma mutu wa lole, mokhala dalaivala muja, unali utaphwanyika kuchokera kumbuyo. Injini ija inali italowa mpaka kukatsamira chiwongolero.

Ndinaona, koma ndinakana kuona. Ndinati ndi mabuleki. Pamaliro ndinati mabuleki, kwa mpongozi wanga ndinati mabuleki, kwa mwana wamasiyeyu ndinati mabuleki. Ndipo palibe amene amatsutsa bambo amene akulira mwana.

Lachinayi ndinapita kumalole kukauza mzime za kalata ija, poti iye ndiye tsopano bambo wa mwanayu. Ndinamupeza atagona kunsi kwa lole ndi sipanala, miyendo yokha ikuoneka. Pambali panali Mapewa, mkulu wa opakira katundu, amene tinayambira limodzi ntchito mitu ili bii. Nditafotokoza, Mapewa anadzimenya pantchafu.

"Iii, Madala! Mpaka kusewera ngozi pamaso pa mwana wamasiye? Amenewo mukawaonetse kuti mwanayo ali ndi kwawo. Ndipo musakawapatse mpata wolankhula. Anthu a sukulu ukangowapatsa mpata amakuzunguza ndi mawu akuluakulu mpaka wopepesa ukhale iwe. Lole anaikwerapo amenewo? Akudziwa za zidole basi."

Mzime anatulutsa mutu kunsi kwa lole, nkhope ili mafuta okhaokha. "Bambo, mukamve kaye. Mwina sankadziwa."

"Ukudziwa kulankhula, bwanji osapita iweyo?"

"Mawa ndili ndi simenti tsiku lonse. Loweruka ndili ndi chijenereta chija cha kufamu, msewu wa mtsetse uja. Pitani inu. Koma ndodoyo mukaisiye kunyumba."

Onse anaseka. Ndodo ndinapita nayo.

Chipinda cha sayansi chinali kumapeto kwa khonde. Munali matebulo aatali akuda, mpopi pakona umene unamangidwa ndi nsanza, mabotolo m'kabati yagalasi, ndi fungo la choko. Ana anali atakhala kale. Aphunzitsi anatuluka kudzandichingamira pakhomo. Anali mayi wachitsikana, wamfupi, woti angakhale mwana wanga wachitatu, choko chili mpaka m'tsitsi. Ndisanatsegule pakamwa anayamba iwo.

"Agogo, pepani kwambiri. Ine ndabwera pasukulu pano teremu yomwe ino. Za bambo ake ndazimva mochedwa. Ndikanadziwa, choko chija sindikanaimika. Ndinalakwa ndine, ndipo mnyamata anakuwa uja ndakamba naye."

Mawu onse amene ndinawanola panjira anandithera m'kamwa. Munthu wopepesa umamumenya ndi chiyani? Koma kubwerera chimanjamanja ndinachita nako manyazi.

"Ndikufuna ndione zimene mumaonetsa anawa."

"Tingadikire atuluke, tikhale patokha."

"Ayi, pamaso pawo pomwepo."

Anandipatsa mpando kutsogolo, pambali pa zenera. Mdzukulu wanga anaima pakhomo kanthawi, kenako anabwera kudzakhala pafupi ndi ine, chikwama atachikumbatira pamimba.

Aphunzitsi anayamba ndi timipira tachitsulo. Anaika tisanu mumpata wa pakati pa timatabwa tiwiri, togundanagundana, tili phee. Anatenga kena n'kukagubuduza. Katagunda, iko kanaima pomwepo, koma ka kumapeto uko, kamene palibe anakakhudza, kanachoka kokha. Anagubuduza tiwiri, uko kunachoka tiwiri.

"Wakankha ka kumapetoko ndani?"

"Mfiti, madamu!" anatero wina kumbuyo.

"Mfiti yake ndi iyi. Chinthu chikamayenda chimakhala chitanyamula ulendo. M'mabuku mwanumo amautcha momentamu. Kukula kwa ulendowo ndi kulemera kwa chinthucho kuchulukitsa ndi liwiro lake. Chikagunda chinzake, ulendowo sufa ayi. Umangosamukira kwina."

Kenako anatulutsa tingolo tija. Tinali timatabwa ta matayala anayi, kena kopanda kanthu, kena kokhomeredwa zitsulo. Kopepuka katagunda kolemera kanabwerera m'mbuyo, kolemerako n'kungosuntha pang'ono. Kolemera katagunda kopepuka, kopepukako kanathamanga mpaka kugwa patebulo. Izi ine ndinkazidziwa. Ndi lole ndi njinga imeneyo. Ndinangogwedeza mutu.

Ndiye anamata dongo kutsogolo kwa kangolo kamodzi n'kutigunditsanso. Tinamatirirana n'kuyenda limodzi pang'onopang'ono. Anatilekanitsa n'kukweza dongo lija m'mwamba, litaphwatalala.

"Ulendo ulipo wonse, angogawana awiri. Koma mphamvu ina ya kuthamanga kuja yapita kuti? Taonani dongoli. Ina yaphwanya dongo, ina mwaimva m'makutu ngati phokoso, ina yasanduka kutentha pang'ono. Mphamvu sitayika, imangofuna pothera. Pamsewu dongo limeneli ndi chitsulo cha galimoto, kapena thupi la munthu. Ndipo ukathamanga kawiri, kuphwanya sikukhala kawiri ayi, kumakhala kanayi."

Atatero anayamba kulongedza tingolo mukatoni.

"Nanga ya njerwa?" ndinafunsa.

"Imeneyo ndinaisiya, agogo."

"Ine ndabwerera imeneyo."

Anayang'ana mdzukulu wanga. Mwana anagwedeza mutu kamodzi, osadzutsa maso. Aphunzitsi anatsamiritsa thabwa lalitali pa mabuku kuti lipendekeke, kumunsi kwake kuli khoma. Choko sanaimike. Kutsogolo kwa kangolo anakhomererapo kabokosi ka choko kopanda kanthu, kuti kakhale mutu wa lole. Kumbuyo anaikapo theka la njerwa. Anakasiya. Kangolo kanatsika, kugunda khoma, kuima. Njerwa inapitirira n'kukabwanyula kabokosi kaja.

"Kangolo kaima chifukwa kagunda khoma," anatero aphunzitsi. "Njerwa sinagunde kanthu. Palibe waiuza kuti ulendo watha."

Apa ndi pamene ndinaona kuti ndawapeza. Ndinatsamira ndodo yanga n'kuimirira.

"Aphunzitsi, ine ndayendetsa lole zaka makumi atatu. Kanjerwa aka n'kopepuka, n'chifukwa chake katsetsereka. Katundu weniweni satero. Cholemera chimadzimanga chokha."

Ndinamva mwana pambali panga akukoka mpweya ngati wapondedwa chala. Sindinalabadire.

Aphunzitsi sanatsutse. Anangoloza pashelefu. "Sankhani nokha cholemera, agogo. Muike nokhanso."

Ndinasankha chitsulo cha pa sikelo, cholemera kuposa njerwa ziwiri zathunthu. Ndinachikhazika pa kangolo mmene ndinkakhazikira injini, pakati penipeni pa matayala. Ndinachikankha ndi chala, osasuntha. Ndinakankhanso ndi zala ziwiri.

"Mwaona? Chakhazikika ngati mwini nyumba."

Ana anaseka, ena n'kuwomba m'manja. Mwana wa sukulu akaona mphunzitsi akugonja amakondwa.

"Chakhazikika chifukwa kangolo kali chiimire," anatero aphunzitsi, akukhomerera kabokosi kena. "Kasiyeni kayende."

Ndinakasiya.

Phokoso lake ndikulimvabe mpaka lero. Kabokosi kanaphwatalala ngati kapondedwa ndi tayala, chitsulo n'kugwera pansi, kusiya chipsera pasimenti. Palibe anaseka. Ine ndinati mwina ndinaika molakwika. Ndinatola chitsulo, kupukuta fumbi pa kangolo ndi dzanja la malaya, kuikanso. Chimodzimodzi. Ndinapempha kabokosi kachitatu, ndinayala pepala kunsi kwa chitsulo, ndinachitsindira ndi mphamvu zanga zonse. Chimodzimodzi.

"Mukunena zoona mbali imodzi, agogo," anatero aphunzitsi motsitsa mawu. "Kulemera kumachigwiritsa pansi. Koma kulemera komweko ndi kumene kumachipatsa ulendo waukulu. Ziwirizi zimakulira limodzi. Ndiye galimoto ikaima mwadzidzidzi, chopepuka ndi cholemera zimanyamukira limodzi. Zimasiyana pofika. Chopepuka chimagogoda, cholemera chimabowola."

"Muli ndi chingwe?" ndinafunsa.

Anandipatsa kachingwe ka mukabati. Ndinamanga chitsulo chija ndi mfundo yomwe ija ndimamangira matiresi, yodutsa kawiri n'kukokera kumbuyo. Kabokosi kachinayi. Kangolo kanatsika, kugunda, kudumpha pang'ono. Chitsulo chili pomwepo. Kabokosi kali chiimire, kopanda ndi khwinya lomwe.

"Chingwe chalanda ulendo wa chitsulo n'kuupereka ku kangolo, kangolo n'kuupereka ku khoma," anatero aphunzitsi akuuza ana. "Pa lole yeniyeni kachingwe aka sikangathandize. Pamafunika matcheni kapena malamba olingana ndi katunduyo, ndipo katunduyo asasiyiridwe mpata wothamangiramo."

Belu linalira. Ana anatuluka mwakachetechete ngati akuchoka pa odwala. Tinatsala atatu. Ine ndinakhalanso pampando. Ndipo ndinayamba kufotokoza, osafunsidwa, zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Nyali imodzi. Bampala. Khoma la kumbuyo kwa dalaivala. Pamene injini inakafika.

"Ndiye akanamanga," ndinati, "bwenzi lero ali moyo?"

Aphunzitsi anakhala pabenchi ya ana, moyang'anana nane.

"Ine sindinaliko, agogo, ndipo sindingalumbire pa moyo wa munthu. Koma kukunamizani sindingathe. Ngati kutsogolo kunali monga mwaneneramo, kugundako sikunali kwakukulu. Chimene chinafika pa iwo chinachokera kumbuyo."

Ndinatembenukira kwa mwana kuti ndimuuze atuluke, asamve zimenezi. Ndinamupeza akulira mopanda mawu, misozi ikugwera pachikwama.

"Ndinadziwa, agogo."

"Unadziwa chiyani, mayi?"

"Tsiku lomwe lija. Sindinathawe chifukwa cha kuseka kwa anzanga ayi. Njerwa itatsetsereka ndinakumbukira chithunzi cha lole chimene bambo aang'ono ali nacho mufoni. Ndinadziwa kuti si mabuleki." Anapukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja. "Ndipo mawu aja mwanena apa, adadi ankawanena tsiku ndi tsiku. Ankati ndi a agogo ako. Ndiye ndikanakuuzani bwanji? Ndikalowa muno, ndikangoona tingolo, ndimaganiza za bambo aang'ono kuti lero anyamula chiyani. Ndimalephera kupuma."

Milungu itatu mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anasenza chinthu chimenechi yekha, akundiphikira, akundichapira, akundiyankha kuti palibe. Amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Khoswe wake ndinali ine, ndipo mwanayu ankaopa kuswa mkhate.

Aphunzitsi anamugwira paphewa. "Iwe ndiwe wekha m'kalasi muno amene unamvetsa phunziroli tsiku loyamba. Usalithawe. Lolemba ndikupeze pamalo pako." Kenako anayang'ana ine. "Agogo, inunso munachita kuphunzitsidwa. Amene anapita sitingamubweze. Koma mwati alipo wina amene akuyendetsa."

Tinabwerera wapansi. Pamphambano mwana anandigwira dzanja kuti tiwoloke, ndipo sanalisiye mpaka kunyumba.

Loweruka ndinalawira kumalole. Ndinapeza jenereta atakweza kale. Chinali chinthu chachikulu ngati khola la mbuzi, chobiriwira, chili pakati pa lole, kutsogolo kwake kuli mpata woti munthu angagonemo. Opakira asanu ndi atatu anali atakhala pansi akupukuta thukuta. Pamwamba pa jenereta anayalapo lona yotchinga mvula, ndipo lonayo anaimanga bwinobwino ndi zingwe kumakona onse anayi kuti mphepo isaitenge. Mzime anali atakwera kale, injini ikulira.

Ndinaima kutsogolo kwa lole.

"Madala, mwatopa nawo moyo?" anakuwa Mapewa. "Tauzeni, munawalanga aphunzitsi aja?"

"Zimitsa," ndinauza mzime.

Anasuzumira pazenera. "Bambo, ndachedwa kale. Za kusukuluzo tikambirana madzulo."

"Ndati zimitsa. Matcheni ali kuti?"

"Matcheni a chiyani?"

"Omangira ichi."

Pamalo ponse panagwa phwete. Madalaivala a malole ena anatsika kudzaonerera. Mapewa anagwira mimba.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Madala apita kusukulu tsiku limodzi, abwerako akumanga phiri! Akapitanso Lolemba adzatimangira ndi msewu womwe!"

"Bambo, musandichititse manyazi," anatero mzime motsitsa mawu, atatsika. "Anthu asanu ndi atatu achita kulira pokweza chimenechi. Chingapite kuti? Si inu nomwe mumati..."

"Ndine ndemwe. Ndinanama."

Ndinkafuna ndimukokere pambali, tikambe awiri. Koma ndinaona kuti mawu aja ndinawafesa pagulu, pamalo pomwe pano, zaka makumi atatu. Kuwazula mobisa sikukanatheka. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinatembenukira kwa onse.

"Nonsenu munabwera pamaliro a mwana wanga. Ndinakuuzani kuti ndi mabuleki. Si mabuleki ayi. Mapewa, iwe unaiona lole ija. Kutsogolo kunasweka chiyani?"

Mapewa anasiya kuseka. Anayang'ana kumbali.

"Tanena, m'bale wanga. Unaliko."

"Nyali," anatero.

"Nyali imodzi. Munthu amafa ndi nyali? Inamupha ndi injini imene inali kumbuyo kwake, yosamanga. Ndipo sanamange chifukwa bambo ake anamuuza kuti cholemera chimadzimanga chokha. Anali mwana womvera. Dzulo ndayesa katatu ndi manja angawa, katatu konse chitsulo chaphwanya mutu wa lole. Ndamanga kamodzi, osaphwanya. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Angawa agonera n'kuwola. Musawatolenso."

Wina anazimitsa wailesi imene inkalira mulole ina. Ine ndinkayang'ana mzime. Nkhope yake inali itauma ngati thabwa. Iye ndi mkulu wake anakula akugona pa mphasa imodzi, akulimbirana bulangete limodzi. Ndi iye amene anathandiza kumutulutsa mulole muja.

"Munadziwa liti?" anafunsa.

"Kumvetsa ndamvetsa dzulo. Koma kuona ndinaona tsiku lomwe lija."

"Ndiye miyezi yonseyi mumandiona ndikunyamuka ndi migolo, ndi zitsulo, inu n'kumandibayibitsa?"

Ndinangovomera ndi mutu.

Mzime anatembenuka, kupita kubokosi la zipangizo kunsi kwa lole, n'kusolola matcheni awiri adzimbiri amene timakokera galimoto ikatitimira. Anauza opakira kuti adzuke, asunthire jenereta kutsogolo mpaka itsamire zitsulo za kumutu. Palibe anadandaula. Ine ndinakwera movutikira, ndinagwira tcheni imodzi kuti ndikoke, koma mikono yanga inatha kale. Tcheni inangolendewera. Mzime anailanda m'manja mwanga osandiyang'ana. Mapewa ndi amene anakagwira mbali inayo. Anakoka awiriwo mpaka tcheni italira, anadutsitsa inzake kumbuyo, anakhomera matabwa kunsi. Zinatenga theka la ola.

Atatha, mzime anakwera, kuliza injini, n'kunyamuka. Sanatsanzike.

Anabwerako madzulo ali bwinobwino. Panjira sipanachitike kanthu, ndipo sindidzadziwa ngati pakanachitika. Mwana anabwerera m'kalasi Lolemba, mayeso analemba. Kumalole ena amamanga tsopano, ena amati Madala anasokonezeka ndi maliro. Mapewa amamanga, koma amati n'chifukwa choti misewu yaipa.

Papita miyezi inayi. Mzime amabwera kunyumba Lamlungu lililonse kudzaona mwana wa mkulu wake. Amacheza naye pakhonde, kumufunsa za sukulu, kuseka naye. Ine amandipatsa moni ali chiimire, "Mwaswera, bambo," basi. Mpando ndimamuikira, sakhalapo. Kale ankabwera kudzandifunsa injini ikamagogoda, ankandinyoza za ndodo yanga, tinkakangana za mpira mpaka mwana atatiletsa. Zonsezo zinatha. Mwana wanga wamkazi, mlongo wake, akuti ndimupatse nthawi. Nthawi ndingamupatse, kaya ine ndatsala nayo yochuluka bwanji.

Masiku ena m'mawa ndimapita kukakhala pa tayala lakutha tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi malole, pamene iye sangandione msanga. Ndimamuona akuzungulira lole yake, akugwedeza tcheni iliyonse ndi dzanja, akukalipira opakira akasiya mpata. Akamaliza amakwera n'kudutsa pafupi ndi ine, maso ali kutsogolo.

Asandilankhule. Ndili ndi mwana mmodzi amene anandimvera mpaka tsiku lomaliza, ndipo ndimakamuona kumanda. Uyu wandikwiyirayu ndimamuona akudutsa.

Phunziro: Katundu wolemera sadzimanga yekha. Galimoto ikaima, iye amapitiriza ulendo, ndipo amakathera pa amene ali kutsogolo. Mangani, ngakhale ulendo ukhale waufupi, ngakhale anzanu akusekeni. Ndipo ife akuluakulu, tikazindikira kuti tinaphunzitsa ana zolakwika, tinene msanga ndi pakamwa pathu, pamalo pomwe tinaphunzitsira. Manyazi amapola, manda satsegulidwa.